Chipata cha pa Bwalo la Macheka

Lachisanu masana, kutatsala tsiku limodzi kuti timu ya Macheka isewere masewero ake omaliza a ligi, Bambo Chakakala anatsamira khoma la nyumba imene ankapenta, tulo n'kuwaba. Zimene analota ndi izi.

Basi ya timu inafika pabwalo ikuyenda chobwerera m'mbuyo, monga mmene timuyo inayendera chaka chonse. Palibe amene anadabwa. Pa masewero makumi awiri ndi asanu ndi anayi Macheka inapambanapo anayi okha, ndipo ena mwa anayiwo inapambana chifukwa timu inayo basi inaifera panjira. Inali kumchira kwa ligi. Ikapanda kugonjetsa alendo a Nyundo tsiku limenelo, ituluka.

Woyamba kutsika anali a Chakakala, atavala jekete ndi tayi, makwerero awo opentera ali paphewa. Sanali kochi. Sanalinso wosewera, pakuti mpira anausiya ali sitandade 5 utawamenya pamphuno. Iwo anali wapampando wa komiti ya risechi, komiti yofufuza zimene maso a anthu wamba saona: zokwirira m'magolo, zowaza pakati pa bwalo, zopaka pazitseko. Komitiyo inali ya anthu atatu, koma awiri anapita ku Joni, choncho misonkhano inkayenda popanda mtsutso. Lamulo lawo lalikulu linali litakhala zaka khumi ndi chimodzi: wosewera wa Macheka salowera pachipata. Pachipata ndi pamene adani amakwirira mankhwala omanga miyendo. Wosewera wa Macheka amakwera mpanda. Goloboyi wodalirika atabinya bondo podumpha mpandawo kumayambiriro kwa ligi, a Chakakala anafotokoza kuti adaniwo afika patali, tsopano akugwiranso njerwa.

"Anyamata, pambuyo panga," anatero.

Anatsamiritsa makwerero. Mpanda unatsokomola pang'ono, n'kukula ndi mzere umodzi wa njerwa. Anawasunthira pena. Unakulanso. Atayesa kachitatu, pamwamba pa mpandawo panali patatera mtambo. M'katimo masapota ankaimba, koma nyimboyo inkamveka ngati ikuchokera m'chitsime.

Woyimbira masewero anatulukira pachipata, chimene chinali chotsegula zitseko zonse ziwiri. M'khosi anali atakoleka wotchi ya pakhoma.

"Mtsogoleri wa anthu awa ndani?"

"Ndine. Chakakala, wapampando wa risechi."

"Udindo umenewo m'buku langa mulibe. Komabe imvani. Ndikupatsani mphindi khumi. Zikatha ndisanaone osewera asanu ndi awiri m'bwalo, ndiyimba pinto, mapointi atatu apita kwa alendo."

Pamenepo a Chakakala anamva injini kumbuyo kwawo. Kutsidya kwa msewu kunali kutaima lole yakale yopanda nambala, ikulira pansipansi. Inali lole yonyamula matimu otuluka mu ligi. Kumbuyo kwake kunakhala matimu amene anatuluka zaka za m'mbuyomo, majezi atatuwa, nsapato zili m'khosi. Anayamba kusenderana kuti pena papezeke danga. Mmodzi anakweza dzanja mwaulemu.

"Malo alipo, achimwene. Kumene tikupitako kulibe mpanda, kulibe chipata. Golo ndi nsungwi zitatu. Mbuzi zimatuluka zokha mpira ukayamba."

A Chakakala anayang'ana makwerero awo. Bwalo lopanda mpanda silifuna makwerero, ndipo timu yopanda makwerero siifuna wapampando.

Mphindi yoyamba inagwa pa wotchi ya woyimbira ngati njere ya chimanga, nkhuku n'kuitola. Wosewera wovala nambala 3 anavula nsapato, anazimanga pamodzi ndi zingwe zake, anazikoleka m'khosi, anawoloka msewu n'kukwera lole. Sanatsanzike. Anatsala khumi, pakuti Macheka inali itasiya kale kuyenda ndi osewera apabenchi.

Kaputeni wa timu, Layitoni, munthu wamyendo yamatewe amene anali asanaphonye masewero ngakhale amodzi, anayandikira manja ali kumbuyo.

"Bwana tcheya, pageti apa n'potsegula."

"Adani akutsegulira dala, iwe. Ukuganiza kuti amakukonda?"

"Ayi bwana, ndimangonena."

"Zimenezi n'zakuya. Iwe ganiza za mpira."

Ndiye chipata chinalankhula. Mawu ake anali adzimbiri, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osafunsidwa kanthu.

"Bambo Chakakala, mwaswera bwanji?"

Munthu akakupatsa moni umayankha, ngakhale ali wachitsulo. "Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ndaswera. Zaka khumi ndi chimodzi mukundilambalala. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Inuyo palibe. Nkhani ili pansi panu."

"Pansi panga palibe kanthu."

"Chipata chilichonse chingayankhe choncho," anatero a Chakakala, ndipo anakhutira ndi yankho lawolo mpaka anatembenuka kuti aone ngati anyamata amva. Anangoona nambala 7 akuwoloka msewu. Anatsala asanu ndi anayi. Lole inali itasendera pang'ono, chitseko chake chakumbuyo chitatsitsidwa.

M'kanyumba kong'ambira matikiti munakhala malemu a Sandifolo, kochi amene analowetsa Macheka mu ligi. Anali atavala suti yomwe anawaika nayo m'manda, yaikulu pang'ono m'mapewa.

"A kochi, kodi simunamwalire?"

"Ndinamwalira. Munalankhula pamaliro anga. Nthawi yaitali."

"Anthu anayamikira."

"Ine ndinali pomwepo, a Chakakala. Koma tisiye zimenezo. Ndakhala pansi zaka zisanu ndi ziwiri, nthawi ndili nayo yambiri. Pansi pa chipata ichi ndapayang'ana kuchokera kumunsi. Pali paipi ya madzi yosagwira ntchito, ndi supuni."

A Chakakala anatambasula maso. "Supuni yotani?"

"Supuni wamba. Wina anaigwetsa."

"Nanga chikutigonjetsa n'chiyani?"

Malemuwo anang'amba tikiti pang'onopang'ono. "Dizilo uja mumamutcha womwetsa zigoli, mwendo wake wamanzere ndi woyendera basi. Otchinga kumbuyo amaonerera mpira ngati masapota. Tikamenya kona imakagwera kumsika. Ndipo anyamata amafika m'bwalo mawondo akunjenjemera kale ndi mpanda wanu. Mankhwala angawonjezerepo chiyani pamenepo?"

Mphindi ina inagwa. Nkhuku zinali zitachuluka. Dizilo yemweyo anavula nsapato yakumanja, yakumanzere osaivutikira, n'kupita. Anatsala asanu ndi atatu.

"Chitani izi," anatero a Sandifolo. "Mulowe inu poyamba. Koma musanalowe munene mokweza, onse amve, kuti pano palibe kanthu ndipo sipanakhalepo kanthu. Mantha munawaphunzitsa ndinu. Miyendo yawo imamvera inu."

A Chakakala anakonza tayi. Anaganizira zaka khumi ndi chimodzi za mpando wakutsogolo m'basi, za anthu kumsika kuwapatsa njira, za akazi awo amene ankauza anzawo kuti bambo ali ku risechi. Anaona kuti pali njira ina yaulemu. Anagwada pachipata, anapalasa dothi pang'ono ndi chala, anatseka dzanja ngati agwira kanthu, n'kuimirira.

"Anyamata, ndafufuza, ndazipeza, ndazichotsa. Tsopano mukhoza kulowa."

Chitseko chimodzi cha chipatacho chinadzitseka chokha, mwakachetechete, n'kudzikhoma.

"Pepani," chinatero chipata. "Mukanena kuti mwachotsa, ndiye kuti sabata ya mawa adzaikanso. Ine ndatopa."

Nambala 5 anawoloka msewu. Anatsala asanu ndi awiri ndendende. Lole tsopano inali kuseri kwa misana yawo, utsi wake wofunda ukuwalowa a Chakakala m'miyendo ya buluku. Woyimbira anali ataika pinto pakamwa, akuyang'ana mphindi ziwiri zimene zinatsala zikulendewera pa wotchi.

"Bwana tcheya," anatero Layitoni motsitsa mawu, "ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndikakwera lole iyo sindidzabwerera. Ngati pali kanthu, tiuzeni tikwere. Ngati palibe, tiuzeni."

A Chakakala anaima pakati pa chitseko chimene chinatsala. Anatsokomola, anakweza chibwano, ndipo popeza anali munthu wodziwa dongosolo, anayamba moyenera.

"Olemekezeka a kochi athu, amene munatitsogolera. Olemekezeka a woyimbira. A kaputeni ndi osewera nonse. Abale athu a m'lole, matimu akale ndi atsopano. Choyamba ndithokoze chifukwa cha mwayi uwu..."

Mphindi inagwa. Nambala 11 anakwera lole osawoloka n'komwe msewu, anangokweza mwendo.

"A Chakakala," anatero malemu.

"Palibe kanthu," anatero a Chakakala msangamsanga, mawu atatuluka aang'ono kuposa mmene anawakonzera. "Pano palibe kanthu. Sipanakhalepo kanthu. Sindinaonepo kanthu paliponse, ngakhale tsiku limodzi. Timangogonja basi."

Anakweza phazi, n'kuponda. Dothi linali dothi. Anapondanso ndi linalo. Miyendo inali yawo yomwe ija, yopweteka pang'ono m'mawondo. Anyamata asanu ndi mmodzi anawatsatira pamzere, aliyense akuyang'ana mapazi ake, ndipo podutsa Layitoni anachipatsa moni chipata.

M'kati munali bwalo lawo lomwe lija, la kapinga m'makona mokha. Masapota anasiya kuimba. Osewera a Nyundo anali atafola kale, khumi ndi mmodzi, ataliatali, onenepa makosi, ooneka kuti anadya m'mawa. Lole nayo inali italowa, sizikudziwika kuti inalowera pati, n'kuima kuseri kwa golo la Macheka.

Woyimbira anawerenga ndi chala. "Asanu ndi mmodzi." Anadzaza mpweya m'masaya, kenako anautulutsa, n'kuyang'ana a Chakakala. "Inu mwalowa ndi timu?"

"Ndaitsogolera."

"Ndiye wachisanu ndi chiwiri ndinu."

Layitoni anawaveka jezi pamwamba pa jekete. Inali nambala 9. Tayi inatulukira pakhosi pa jezi, ndipo panalibe nthawi yoibisa.

Pinto inalira. Za masewerowo a Chakakala sanaonepo zambiri, chifukwa ankathamangira kumene mpira wangochoka kumene. Nyundo inamenya mtengo wa golo kanayi. Layitoni anabweza mpira pamzere ndi mutu, ndi chifuwa, kamodzi ndi khutu. Nthawi iliyonse mpira ukayandikira golo lawo, woyendetsa lole ankaponda mafuta pang'ono. Wotchi ya woyimbira inakhetsa mphindi zake mpaka inatsala imodzi. Panalibe chigoli mbali zonse, ndipo kulepherana sikukanawapulumutsa.

A Chakakala anali ataima pafupi ndi golo la Nyundo, manja ali m'chiuno, akufunafuna mpweya. Palibe amene ankawatchinga, pakuti panalibe chifukwa. Layitoni anadutsa mmodzi, anadutsa wachiwiri, goloboyi anatuluka n'kumugwera m'miyendo, ndipo akugwa choncho anaukankha mpira cham'mbali.

Golo linali lopanda munthu. Mpira unkagubuduka pang'onopang'ono, molunjika nsapato zawo zakutchalitchi.

"Bambo wapampando," unatero mpirawo, "tamva zambiri za inu."

A Chakakala anayang'ana pansi. Panalibe chokwirira, panalibe chowaza. Anayang'ana m'golo, munalibe kanthu koma ukonde. Masapota onse anali ataimirira. Anthu a m'lole nawo anali ataimirira, nsapato zili m'khosi. Anakumbukira kuti awa ndi maloto, ndipo kuti munthu amadzuka pamalo ngati amenewa. Anatseka maso kudikira kuti adzuke.

Atatsegula, mpira unali utaima paphazi lawo lamanzere, ukudikira.