Mapepala a Asiya M'mbale Yoyera

Chaka cha njala ya 2002, Asiya adabwerera kwawo ku Nselema atalephera phunziro limodzi ku yunivesite, la ndakatulo za Chingerezi chakale. Adamuuza kuti akalembenso mayeso Lolemba la sabata yachitatu, ndipo akalepheranso sukulu yathera pomwepo.

Ndakatulozo zidalembedwa zaka mazana anayi zapitazo ndi anthu obisa dala zimene akunena. Mzere unkayamba ndi chikondi n'kukathera kumanda. Chomutsegulira njira chidali mapepala khumi okha amene adakopera pamanja kwa mnzake, ofotokoza mzere ndi mzere. Koma m'mimba muli mango aawisi owiritsa basi, mawu ankangoyandama m'maso osalowa.

Mayi ake, Abiti Sufiyani, ankamuyang'ana ali pakhonde.

"Kodi azungu adalemba zimenezi ali moyo?"

"Iyayi, amayi. Adafa kalekale."

"Nanga akukuzunziranji? Wakufa amagona."

Loweruka lomaliza Asiya adalawirira kuchigayo kukapempha madeya. Sadawapeze, koma mayi wina wosamudziwa adamutapirako kapu imodzi pa ake.

Atafika kunyumba adapeza mayi ake atasamba, atafunda mpango wopitira kumzikiti Lachisanu, patsogolo pawo pali mbale yoyera yovundikira ndi nsalu. Asiya adaizindikira. Ali mwana akadwala, a shehe ankalemba mawu opatulika m'mbale imeneyo, n'kutsukuluza ndi madzi kuti amwe.

"Chakudya ndilibe, mwanangu," adatero mayiwo. "Koma ndaona kuti mawu ako akukana kulowera m'maso. Alowere kukamwa. Ndawapempherera."

Adavundukula. Mapepala onse khumi adali m'madzi, atang'ambidwa bwinobwino tizidutswa, atafewa ngati chinangwa chovuwika. Madziwo adali obiriwira ndi inki.

Asiya adakhala pansi. Adapisa chala n'kutola kachidutswa, koma kadasungunuka asadawerengepo kanthu. Mnzake uja kwawo kudali kutali, kumpoto. Kukamwa kudadzaza mawu, koma adaona mikono ya mayi ake, yowonda ngati mapesi, itanyamula mbale ija kumupatsira. Adakumbukira kuti dzulo mayiwo adati akhuta, n'kumukankhira mango awo.

Adalandira ndi manja awiri.

"Bisimila," adanong'ona, n'kumwa mpaka mbale idauma.

"Alowa?"

"Alowa, amayi."

Abiti Sufiyani adapumira m'mwamba. Adapukuta mbale ija ndi nsonga ya mpango, nkhope itawala koyamba chiyambire njala.

Lamulungu m'mawa adamuperekeza kumsewu. Madeya aja adawakazinga n'kumumangira m'kansalu, osasiyako ngakhale dzanja limodzi. Matola atadutsa ku Liwonde, Asiya adatsegula buku la ndakatulo pamiyendo. Mizere idali chitsekere monga kale. Adalitseka, n'kuyamba kupempherera mayi ake, kuti mawa lake iye akakalephera, mayiwo asadzadziwe chifukwa.