Ekiselo Yatsopano ya Jesinta

Galimoto ya Jesinta inafera m'matope a kudambo la Ndindi itasenza madengu a nsomba. Inali Land Cruiser yakale imene mwamuna wake Pedro anamusiyira pomwalira. Tsiku limenelo anangomva kuti phwa! kunsi kwa bodi, injini n'kumabangula koma galimoto osasuntha. Ng'ombe za eni ndizo zinaikokera kunyumba kwake kwa Ndamera, nsomba zitayamba kale kununkha.

Ernest, makaniko wa ku Bangula amene ankaikonza kuyambira nthawi ya Pedro, anabwera pa njinga yamoto n'kukwawira kunsi. Anatulukako akupukusa mutu.

"Mayi, shafuti yathyoka pakati, difu nayo mano atha. Nanga mabuleki akumbuyowa munkayenda nawo bwanji? M'madiramu mwadzaza matope ouma ngati njerwa."

"Ndinkaima ndi magiya."

"Ngakhale potsika mapiri kuchokera ku Blantyre?"

"Ndi magiya ndi pemphero," anatero Jesinta.

Nkhani itamveka, kunabwera a Gilbert, akulu ake a Pedro. Anakhala pampando pakhonde, naloza galimotoyo ndi chibwano.

"Mlamu, chinthuchi chatha. Ndalankhula kale ndi ogula zitsulo a ku Limbe. Mkazi kumagona m'misewu ndi madengu a nsomba, anthu akutiseka. Khalani pansi muzilima ngati anzanu."

"Nkhabe," anakana Jesinta m'Chisena.

"Mukuti chiyani? Galimotoyi ndi ya pamtundu pathu. Anagula ndi mng'ono wanga."

"Anagula ndi mng'ono wanu, nsomba zake ndikuwamba ine mpaka maso kufiira ndi utsi. Nkhabe, alamu."

Ernest ndiye ananena za Land Cruiser ina, yatsopanoko, imene inagubuduzika pafupi ndi Nchalo. Kutsogolo inali itaphwanyika, koma ekiselo yakumbuyo, chitsulo cholumikiza mateyala muli shafuti ndi difu, inali yonse bwinobwino, yonenepa, ya mabuleki a madisiki amene sasunga matope. Anamuchenjeza kuti sidzangolowa: mipando ya masipuling'i idzafunika kudula n'kuwotchereranso. Jesinta anatsegula khola, natsogoza mbuzi zake zonse kumsika. Ekiselo ija inafika pa lole ya thonje, amuna akubuula poitsitsa.

Anakhazika galimoto pa zitsa za mtsanya n'kuchotsa ekiselo yakale. Ernest ankadula ndi kuwotcherera ndi jenereta yobwereka, Jesinta atavala ovolosi ya malemu, akutsuka mabawuti m'dizilo ndi kukoka sipanala pamene pafunika mphamvu za awiri. Dzuwa la kuchigwa linkatenthetsa zitsulo moti ankazigwira ndi sanza.

Ntchito ili pakati, Ernest atapita ku Bangula kukafuna mapaipi, a Gilbert anatulukira ndi lole ndi amuna onyamula matcheni.

"Ndi imeneyo. Kwezani."

Jesinta anapukuta manja, nalowa m'galimoto yopanda mateyalayo, natseka chitseko.

"Kwezani ndithu," anatero pawindo. "Koma mukweze ndi ine ndemwe. Ku Limbeko mukandiyeze pa sikelo pamodzi ndi zitsulo."

Anthu oyandikana nawo anayamba kusonkhana. Mkulu wa ogula zitsulo anayang'ana mayiyo, nayang'ana a Gilbert, kenaka anaponya tcheni m'lole.

"Bambo, ife timagula zitsulo, osati milandu."

Lole inabwerera yopanda kanthu.

Tsiku loyesa, mudzi wonse unabwera. Jesinta analiza injini, galimoto inasuntha bwinobwino, ana akuthamangira m'mbuyo. Atafika pabwalo la mpira anaponda buleki. Phazi linangomira mpaka pansi. Anapondanso, osagwira. Galimoto inakaima pogunda chulu, nyali yakumanzere n'kusweka.

Kuseka kunamveka mpaka kumjigo. A Gilbert anaima manja ali m'thumba.

"Mbuzi zapita, galimoto ndi iyo. Mudya chulucho?"

Jesinta anatsika milomo ikutuluka magazi pamene anamenyetsa pa chiwongolero. Analavula, nagona chagada m'fumbi n'kukwawira kunsi anthu onse akuona. Mafuta a buleki ankadontha pa paipi yakale imene anaisiya poganiza kuti ikadali yolimba. Inali itang'ambika ndi dzimbiri.

"Ernest, bweretsani paipi ina ija. Tikonzera pompano."

"Mayi, tiikokere kaye kunyumba, anthuwa achoke."

"Asachoke. Aonerere."

Anasintha paipiyo pachulu pomwepo. Kenaka Jesinta anakhala pampando, Ernest ali kunsi akutulutsa mpweya m'mapaipi. "Pondani! Gwirani pomwepo! Siyani!" Anabwereza mpaka mwendo unachita dzanzi, ndipo pang'ono ndi pang'ono buleki inayamba kulimba pansi pa phazi. Anabweza galimoto, naithamangitsa kudutsa bwalo lonse, naponda. Mateyala onse anakumba pansi, fumbi linakwera n'kukuta anthu. Litatsika, a Gilbert anali atatembenuka kale, akupita.

Sabata yotsatira Jesinta anakweza nsomba kupita nazo ku Blantyre, nabwerako atasenza matumba a simenti a munthu wina womanga sitolo ku Nsanje. Ernest anapita nawo kuti amve mmene ekiselo ikulirira. Pamwamba pa mapiri, pamene msewu umayamba kupindika kutsikira ku Thabwa, chigwa chonse chinaonekera pansi, Shire akunyezimira pakati pa minda ya nzimbe. Ernest anagwira chitseko ndi manja onse.

Pakona yoyamba Jesinta anaponda pang'ono, galimoto inamvera. Pakona yachiwiri anapeza lole ya makala itafa pakati pa msewu, nthambi zochenjeza ataziika pafupi kwambiri. Anaponda ndi mphamvu. Simenti inakankha kumbuyo, galimoto inanjenjemera, n'kuima chilili patatsala malo oti munthu n'kudutsa chammbali. Ernest anatulutsa mpweya.

"Takhuta, Mulungu," anathokoza m'Chisena.

Atafika pansi anaima pamsika wa ku Thabwa. Ernest anazungulira galimoto akununkhiza mateyala, nagwira difu ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti zonse zili bwino. Amayi ena a ku Bangula anali pamenepo ndi mitolo ya kabichi, minibasi zikuwakana chifukwa cha katundu. Mmodzi anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati adalaivala alola kuwatenga.

"Adalaivala ndi ine," anatero Jesinta. "Kwezani pamwamba pa simentipo, mumange zolimba. Kutsogoloku msewu ndi wokumbika, ndipo ine sindichedwa."