Mzere Umene Tasila Anafufuta

Pa wailesi ya dera ya ku Petauke, ija imamveka mpaka ku Nyimba, nkhani zinkayenda pa fulashi imodzi ya kompyuta, ya chingwe chofiira, ndipo silinkapita tsiku osatukwanizana chifukwa cha fulashiyo. M'kati mwake munali "nkhani zomaliza", "zomaliza zenizeni", "zomaliza musakhudzenso", moti muulutsi ankangotola imene yamuyang'ana. A Mweemba, mkulu wa wailesiyo, atatopa nazo anaitanitsa mapulogalamu awiri osungira ndi kukonzera nkhani pamodzi, kuti awayese milungu iwiri kenaka asankhepo imodzi.

Yoyamba anabwera nayo Conrad, wamalonda wa ku Lusaka wa nsapato zosongoka. Pa imeneyi onse ankalemba pa tsamba limodzi, kaya uli mu ofesi kaya uli pa njinga kumudzi, ndipo inkasunga mbiri yonse: walemba ndani, wafufuta ndani, nthawi yanji. Yachiwiri inali yozizira. Nkhani inkadikira pa geti mpaka mkonzi aivomereze, koma za dzulo sinkazikumbuka. Mgwirizano unali wakuti Lachisanu 12 koloko masana, pulogalamu imene sinasainidwe itsekeka yokha, zonse za m'kati mwake nkufafanizika.

Mkonzi wa nkhani anali Tasila, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ngakhale a Mweemba ankamulambalala. Masiku onse oyeserera ankatamanda ya Conrad mpaka anzake kutopa naye. Lachisanu m'mawa anadzuka atatembenuka.

Chinamutembenuza n'chiyani? Lachitatu, Josphat, mtolankhani wawo wa ku Nyimba, anali ku Mwape kumene kunasowa ng'ombe zisanu ndi imodzi. Analemba pa foni yake mzere woyamba: "Musawelenge, sindinatsimikize." Pansi pake: "Anthu akuti wazitenga ndi a Peter Njobvu a pa chigayo." Netiweki nkuthawa. Tasila anaiona nkhaniyo kutatsala mphindi zinayi kuti nkhani za 1 koloko ziyambe, ndipo sabata imeneyo wailesi ina inali itawapitirira kale kawiri. Anafufuta mzere wapamwambawo. Kachala kamodzi basi, muulutsi nkuwerenga.

Ng'ombezo zinapezeka madzulo zili phee kudambo, zikudya msipu. Koma a Njobvu anali atapezeka kale. Anawakoka pa chigayo chawo, kuwamanga ndi chingwe cha ng'ombe, kuwaswa ndi mipini, kuwathyola nthiti ndi mwendo, nkuwotcha nkhokwe yawo. Anthu inu! Amene anagayitsa chimanga kwa iwo m'mawa womwewo ndi amene anatola njerwa. Tsopano a Njobvu anali gone m'chipatala, diso limodzi madokotala atalilephera.

Aliyense ankadziwa kuti za ku Mwape amalemba ndi Josphat. Iye ankalumbira kuti anaika chenjezo, koma akatsegula tsamba chenjezolo panalibe, ndipo pa wailesi yonse amene anaphunzira kutsegula mbiri anali Tasila yekha.

Lachisanulo msonkhano unayamba 11 koloko, mapepala awiri osainira ali patebulo. Tasila anaima.

"Bambo Mweemba, kuthamanga si kufika. Pulogalamu ya a Conrad ilibe geti. Munthu alemba ali pa chulu, wina awelenga ali mu situdiyo, pakati palibe woletsa. Mwaona zimene yatichita. Titenge ya geti."

Chowawa n'chakuti mawuwo anali anzeru, ndipo onse anagwedeza mitu. Conrad anatukula dzanja.

"Amai, geti ndingakuikileni lelo lomwe. Ndiponso mbili ilipo, tingathe kuona amene..."

"Sitinabwele kudzafukula manda, a Conrad," anamudula Tasila.

Josphat anali pakona, milomo itauma, malaya omwe aja a Lachitatu. "Amai Tasila, chonde, titsegule tione. Ine ndinalemba."

"Khala chete iwe! Munthu wataya diso chifukwa cha iwe, ufuna kulankhulanso?"

Anatero Tasila, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Inali 11:35. A Mweemba anali atangogwira cholembera pamene kunja kunamveka lole ya kanta ikuima ndi mabuleki olira.

Mlonda sanafunse n'komwe, analumpha mpanda. Anatsika amuna oposa khumi, fumbi la msewu wa ku Nyimba lili mbuu m'mutu, mipini ya nkhwangwa m'manja, ndipo patsogolo pawo panali amai Jessy, mkazi wa a Njobvu, chitenje atachimanga m'chiuno ngati opita kukalima. Zenera loyamba linasweka asanalonjere. Chitseko cha ofesi chinagwa ndi mahinji omwe. A Mweemba anaimirira kuti, "Abale anga, tikambilane," mpini nkuwapeza pakamwa, mano awiri nkugwera pa mapepala. Conrad ndi nsapato zake zosongoka anali kale pansi pa tebulo.

"Josphat ni uti?" anafunsa amai Jessy, osakweza mawu.

Koma maso a anthu ndi akazitape. Onse anayang'ana pakona.

Anamukoka miyendo, mutu ukugunda masitepe, mpaka pabwalo. Mpini woyamba unagwa pamsana, wachiwiri paphewa, kenaka sizinawerengekenso. Ankamuponda ndi magambutsi, wina akumuswa ndi mpando wapulasitiki mpaka mpandowo unathera m'manja. Magazi anatuluka m'khutu. Josphat sankalira kuti mayo, ankangobwereza chimodzi, mawu akuchepa: "Ndinalemba musawelenge! Ndinalemba musawelenge!"

"Wabodza! Bweletsani tayala!" anakuwa mlamu wa amai Jessy, wina nkuthamangira ku kanta kukamasula chigubu cha petulo.

Tasila anali chiimire pa tebulo, laputopu ili yotsegula patsogolo pake. Wotchi inati 11:51. Pepala la Conrad linali losasainidwa. Mphindi zisanu ndi zinayi zokha, osachita kanthu, osanama n'komwe, kungoima, ndipo mzere uja ukanapita kosabwerera. Anaganiza za ana ake awiri ali ku sukulu ku Minga. Anaganiza za nthiti zake. Mantha anamugwira, ndipo ndisakunamizeni, mphindi ziwiri zathunthu anazidya ali chiimire pomwepo. Kenaka fungo la petulo linalowa pa zenera losweka.

Ananyamula laputopu natuluka.

"Amai Njobvu! Musiyeni. Bwelani muone."

"Za makompyuta ine sindidziwa," anatero amai Jessy. "Welenga."

Tasila anatsegula mbiri, nawerenga mokweza kuti ndi wa chigubu yemwe amve. "Lachitatu, 12:51, Josphat walemba: musawelenge, sindinatsimikize. Lachitatu, 12:56, mzele wafufutidwa." Anayang'ana amai Jessy. "Wafufuta Tasila."

"Tasila ni ndani?"

"Ndine."

Josphat anali gone akupuma mokhoronthera, tayala lili pambali pake. Amai Jessy anamuyang'ana Tasila kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anatenga mpini m'manja mwa mlamu wawo.

"Ndi dzanja liti?"

Tasila anaika laputopu pansi, nayala dzanja lamanja pa simenti ya khonde. Mpini unatsika kamodzi. Mafupa anamveka ngati munthu waponda nkhuni zouma, ndipo Tasila anakuwa mpaka amalonda a pamsewu anasiya zogulitsa. Amuna aja anasendera, wina atakweza kale njerwa, koma amai Jessy anatambasula mkono.

"Uyu musamuphe. Akali ndi nchito."

Anamugwira pakhosi pa bulauzi, kumukokera mu situdiyo. Muulutsi anathawa pampando nyimbo ili m'kati. Amai Jessy anamukankhira Tasila pa maikolofoni.

"Amuna anga unawatchula ndi dzina. Dzitchule nawe."

Ndipo kuyambira ku Sasare mpaka ku Mwape, m'mashopu ndi m'minda, anthu anamva mkonzi wa nkhani akulira pa wailesi, akunena kuti a Peter Njobvu sanabe ng'ombe, kuti Josphat anachenjeza, kuti amene anafufuta chenjezo ndi iye Tasila, chifukwa chofuna kupitirira wailesi ina. Amai Jessy anamubwerezetsa katatu. Apolisi atafika anapeza kanta itapita, koma amai Jessy atakhala pa khonde, mpini uli pamiyendo, akuwadikira.

Lolemba msonkhano unayambiranso. Mawindo anali otsekedwa ndi makatoni. Conrad, amene Lachisanu lija anaimbira foni ku Lusaka ali pansi pa tebulo kuti pulogalamu isatsekeke, anakhala pafupi ndi khomo. A Mweemba ankalankhula movutika, milomo itatupa.

"Ine nikuona titenge ya geti. Iyi inayi yatipweteka."

"Geti linalipo, bambo," anatero Tasila. "Geti ndinali ine."

Anakoka pepala la Conrad, nauza mwini wake kuti aikepo geti la anthu awiri, ndiponso kuti aphunzitse aliyense kutsegula mbiri, ndi mlonda yemwe. Dzanja lamanja linali m'chikhakha, choncho pa malo a mkonzi anasaina ndi lamanzere, dzina lokhotakhota losawerengeka. A Mweemba anasaina pansi pake.

Pulogalamuyo ikugwira ntchito mpaka lero, ndipo fulashi ya chingwe chofiira ili m'dirowa. Josphat anatuluka m'chipatala patatha mwezi, khutu limodzi litagontha. Dzina lake likadali pa mndandanda wa olemba, Tasila anakana kuti lichotsedwe, ndipo m'mawa uliwonse amatsegula mbiri kuyang'ana. Chiyambire Lachitatu lija, 12:51, Josphat sanalembeponso chilembo.