Mtedza Wokanidwa ku Sinda

Pa depoti ya kopaletivi ku Sinda, Dorika anamasula thumba lachitatu mtima ukuwira. Matumba awiri anali atakanidwa kale, ndipo limeneli linali lotsiriza pa mtedza wake wa chaka chonse.

Juliet, mlangizi wa gululo, anatapa mtedza m'kambale n'kuuika pansi pa kamakina konga foni. Kamakinako kanaunikira mtedzawo, kenaka kanayatsa getsi lofiira.

"Chukunso, amayi."

"Chuku chili pati? Ndionetseni!" Dorika anatambasula chikhatho chodzaza mtedza wosankhidwa umodziumodzi. "Ndinayamba kulima inu musanabadwe. Lero kachitsulo kandinyoze pagulu?"

Juliet anafotokoza modekha kuti m'katimo muli kadiso kopakidwa timiyala tating'ono kuposa fumbi. Timiyalato timamva kuwala kobwerera kuchokera ku mtedza, ngakhale kumene maso a munthu sangakuone, ndipo poizoni wa chuku amabweza kuwala kwamtundu wake.

"Ndiye kadiso kanuko kali ndi ng'ala!"

Anthu pamzere anaseka. Dorika anapempha Mulungu chamumtima kuti amugwire lilime, koma lilime linakana.

"Kodi poswa mtedzawu munawaza madzi?" anafunsa Juliet. "Ukalowa m'thumba wachinyezi, chuku sichichedwa."

"Ine? Sindinachitepo chibadwire!"

Amuna a Dorika, a Obadiya, anali chiimire pafupi ndi ngolo. Anavula chipewa.

"Ndinkawaza ndine, amake Loyce. Zala zanu zinatupa ndi nyamakazi. Mukapita kumjigo m'mawa, ndinkawaza pang'ono kuti makoko afewe."

Dorika anakumbukira momwe makoko ankaswekera mosavuta chaka chino, mpaka anayamika nazo Mulungu ku chigwirizano cha amayi. Thupi lonse linamutentha.

"Mwandiphera chaka, bambo inu! Pakamwa panalibe? Ndalalatira mwana wa eni chifukwa cha inu!"

Juliet anamanga yekha thumba lija, mfundo ziwiri.

"Musadyeko, amayi. Adzukulu musawapatse, ngakhale nkhuku."

Dorika anagwira thumba kuti alikweze yekha pangolo, koma zala zinakana, thumba linagwa. A Obadiya anawerama n'kugwira kumapeto kwake.

"Chokanipo," anatero Dorika.

A Obadiya sanachoke. Dorika sanawayang'ane, komanso sanalitaye thumbalo. Analikweza awiri.