Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Faines

Faines Kamtengeni anapitirira bambo ake kutalika asanamalize n'komwe Fomu 2. Kwawo ku Nachisaka, m'boma la Dowa, amayi akafuna maungu amene anayanga patsindwi sankavutika kufuna makwerero, ankangoti, "Taitanani Faines." Ku sekondale msinkhu womwewo unamutchukitsa pa netibolo. Akaima pansi pa golo n'kukweza manja, omutchinga ankangodumphadumpha pachabe.

Atasankhidwa kupita ku koleji ya uphunzitsi m'boma la Dowa lomwelo, ankaganiza kuti akapitiriza netibolo yakeyo. Koma sabata yachiwiri, akuchokera kodyera, anamuimitsa mayi wina wamfupi, wezulo ili m'khosi. Anali mayi Rejoice Chimwaza, kochi wa timu ya atsikana ya basiketibolo.

"Iwe mtsikana, unasewerapo basiketibolo?"

"Ayi madamu, ine ndi wa netibolo."

"Ubwere mawa folo koloko. Msinkhu sindingamuphunzitse munthu, koma zinazo ndimaphunzitsa."

Zinazo zinali zovuta. Pa netibolo ukagwira mpira umaima nji, kusuntha ndi mlandu. Faines anakhala ndi lamuloli zaka zisanu ndi chimodzi, moti linali litalowa m'mafupa. Apa tsopano ankamuuza kuti aziudunditsa mpira pansi uku akuthamanga. Mpirawo unkamugunda bondo, kapena kumenya mng'alu wa simenti n'kuthawira m'maudzu. Akapanikizidwa, miyendo inkangouma yokha.

"Chipilala iwe, tasuntha!" anakuwa tsiku lina Vanessa, kaputeni wa timu, mwana wa m'tauni amene anayamba masewerawa ali ku pulaimale. Atsikana onse anaseka, ndipo dzinalo linakakamira.

Faines anayamba kulawirira pabwalo anzake asanadzuke, chifunga chisanachoke m'mapiri, n'kumadunditsa mpira uku ndi uku mpaka zala kuchita dzanzi. Patatha miyezi itatu, mayi Chimwaza anamupatsa jezi. Inali nambala 14, yaifupi kwa iye, yosafika bwino m'chiuno. Madzulo ake anaimbira foni bambo ake, a Nedson, kuwauza kuti Loweruka timu ikupita ku Ntchisi ndipo iye ali m'gulu.

Chimene sanadziwe n'chakuti a Nedson anakalengeza nkhaniyi paliponse, kudimba, kuchigayo, ngakhale pa msonkhano wa akulu ampingo.

Bwalo la ku Ntchisi linali pamtunda, pamalo pamene mphepo ya mwezi wa Juni inkalowa m'makutu. Akutsika minibasi, Faines anaona njinga yoidziwa itatsamira mtengo wa bulugamu. Pambali pake panaima bambo ake, atavala jekete la kutchalitchi, fumbi lofiira mpaka m'maondo. Anali atanyamuka tambala woyamba, kupalasa pena, kukankha pena m'zitunda zonsezo. Koma Faines ankadziwa kuti malo ake anali pabenchi.

Ndipo anakhaladi pabenchi. Gawo loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Sankayang'ana kumene kunali bambo ake. Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, mtsikana wa timu yawo amene ankaima pansi pa golo anabinya phazi.

"Faines, lowa," anatero mayi Chimwaza. "Usaganize zambiri. Ukaona mpira m'mwamba, ndi wako."

Mpira woyamba anamuponyera Vanessa. Faines anaugwira bwinobwino, n'kuima nji, atausenza pamwamba pa mutu, maso akufunafuna womupatsa. Atautsitsa pang'ono, kamtsikana kena ka timu ya eni bwalo kanangoutsomphola, liwiro, n'kukagoletsa. Owonerera anaphulika ndi phwete.

"Ameneyo ndi wa netibolo! Mubwezeni kwawo!" anakuwa mnyamata wina.

Faines analakalaka nthaka itang'ambika. Koma masewera sadikira munthu. Eni bwalo anaponyanso, mpira unamenya chitsulo n'kubwerera, ndipo manja ake anaulandira pamwamba pa mitu ya onse. Anaupereka. Unabweranso wina, anautenga. Kutatsala mphindi imodzi anapezeka yekha pansi pa golo la adani, Vanessa akukuwa kuti, "Ponya, ponya!" Anaponya, unalowa. Sizinathandize kwenikweni. Wezulo yomaliza inalira timu yawo itagonja 38 kwa 33.

Anachedwa dala kuvula nsapato, akuganiza kuti mwina bambo ake atopa n'kumapita. Anawapeza pompaja, atamasula kathumba ka nthochi ndi mbatata zootcha pakaliyala.

"Ababa, mwavutikiranji ulendo wonsewu?" anatero akuyang'ana pansi. "Mwaona nokha. Andiseka."

"Ndamva," anatero a Nedson. "Koma ine malamulo ake sindikuwadziwa, mwanawe. Unalakwa chiyani pamene paja?"

Faines anawafotokozera, akugwiritsa ntchito mbatata ngati mpira: kuti umayenera kudunditsa, kuti ukaima amakulanda, kuti miyendo yake siimva. A Nedson ankagwedeza mutu ngati akumvera mlangizi wa zaulimi.

"Ndiye kuti ng'ombe yozolowera ngolo aimangirira pulawo," anatero pomaliza. "Imayamba yakhotetsa mizere. Idya nthochi."

"Nanga anthu kumudzi mukawauza chiyani?"

"Ndikawauza zimene ndaona. Unagwira mpira kasanu ndi kamodzi, ndimawerenga. Kamodzi anakulanda, kamodzi unagoletsa. Akafuna zambiri adzapalase okha njinga."

Faines anaseka, misozi ili m'maso. Pamenepo anamva wina akutsokomola kumbuyo kwake. Anali Vanessa, amene anagwada pang'ono n'kupereka moni kwa a Nedson ndi manja awiri, mwaulemu umene Faines sankamuganizira. Anapatsidwa nthochi ziwiri. M'minibasi pobwerera anadzakhala pafupi ndi Faines, ndipo atadutsa zitunda zingapo, anati:

"Vuto lako umayang'ana mpira ukamadunditsa. Lolemba ndidzabwera m'mawa muja umabwera iwe. Koma usandidzutse isanakwane faifi."

Anabweradi Lolembalo, ndi masiku ena ambiri, ngakhale ankangodandaula za kuzizira. Kutukwana sanasiye, koma tsopano ankatukwana uku akuonetsa pamene phazi liyenera kuponda.

Chaka chimenecho timu inapambana masewera atatu okha. Chaka chotsatira Faines ankayamba nawo masewera aliwonse, ndipo matimu a m'chigawo chapakati anayamba kumuikira atsikana awiri omutchinga. Kudunditsa ndi dzanja lamanzere kunamukanikabe mpaka anamaliza koleji. Atamutumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya ku Msakambewa, anapeza kuti kulibe bwalo. Anapita kwa wowotcherera zitsulo ku Mponela, anakapangitsa magolo awiri, ndipo Lachitatu lililonse ana a Sitandade 7 ankasalaza dothi kuseri kwa makalasi.