Jekete la Kompyuta ya Mzime

Lamulungu madzulo, dzuwa litapendeka, banja linali m'chipinda chochezera likumwa tiyi. Chipindacho chinkagwira ntchito zambiri. Pafupi ndi zenera panali makina osokera a amayi, kuseri kwa chitseko kunali pampu ndi machubu a njinga a abambo, ndipo pakona panali tebulo la kompyuta. Pamenepo ndi pamene panakhala Mzime, mwana wotsiriza wa m'nyumbamo, zala zili yakaliyakali pa kiyibodi, tiyi wake akuzirala pambali.

M'mawa mwake anali ndi mayeso. Kampani ina yonyamula katundu inkafuna mlembi wodziwa kutayipa, ndipo iye anali mmodzi mwa ochepa amene anasankhidwa kuti ayesedwe. Mayesowo anali olembera kunyumba, pa intaneti, ndipo eni ake ananeneratu kuti makina akazima pakati pa mayeso, mwayi wapita. Chimalizireni maphunziro ake, Mzime anali atapempha ntchito m'malo ambirimbiri. Aka kanali koyamba kuyankhidwa.

Kompyutayo inali yakale, ya chibokosi chachikulu choimirira pansi pa tebulo. Anabwera nayo ndi mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, dalaivala wa lole, pamene kuntchito kwawo ankafuna kuitaya. Tsikulo mlamuyo analipo. Mkazi wake anali pa ntchito kuchipatala, ndiye iye anati sangamwe tiyi yekha ngati wamasiye apongozi ali moyo.

Bokosilo linali ndi jekete. Amayi analisoka mwezi wathawo ndi nsalu yotsala ya makatani, m'kati anaikamo bulangete lakale, m'mphepete anakongoletsa ndi lesi. Linali lothina bwino, la mabatani kumbuyo, loboola pokanikizira ndi potulukira mawaya pokha. Aliyense wobwera kudzayesa diresi ankayamba wayamikira jeketelo.

"Alamu, mukayamba ntchito musatiiwale," anatero mlamu akuviika buledi m'kapu. "Ine ndizikunyamulirani chikwama."

"Inuyo? Mumasochera ndi lole yonse, nanga chikwama?" anayankha Mzime osatembenuka.

Asanamalize kuseka, sikirini inangoti bii, kuda. Phokoso la m'bokosi linaleka.

"Yayambanso," anatero Mzime, manja ali m'malere.

Sikanali koyamba. Kwa masabata angapo kompyutayo inkazima yokha akatayipa nthawi yaitali. Akaisiya pang'ono n'kuiyatsanso, inkayaka ngati palibe chachitika. Abambo ankati ndi magetsi. Mlamu ankati ndi ukalamba.

Abambo anaika kapu pansi n'kudzuka. Iwo anali okonza njinga, ndipo m'nyumbamo wailesi, tochi ngakhale loko wa pachitseko zinkadziwa dzanja lawo. Chinthu chikachita makani, ankachiwomba mbama kamodzi, n'kuyamba kumvera.

"Taima, ndiiphunzitse ulemu."

"Ababa, ayi!"

Anachedwa. Pha! Bokosi linagwedezeka, lesi n'kuvina. Abambo anakaniza batani monyadira. M'katimo munamveka kuzungulira, kenako kulira kumene sanakumvepo: pii, pii, pii. Sikirini inakhalabe yakuda. Mzime anaizimitsa n'kuyatsanso. Pii, pii, pii.

"Mwamupweteka mwanayo," anatero amayi.

"Ndangoisisita."

"Kusisita kumeneko, apongozi, ndikanakhala ine ndikanakomoka," anatero mlamu. Kenako anaona nkhope ya Mzime n'kusiya nthabwala. "Tiinyamule, alamu, tipite nayo kwa okonza."

"Lero atseka. Mawa amatsegula mayeso atayamba kale."

"Nanga pa foni yangayi?"

"Mayeso otayipa, alamu. Ndi zala ziwiri?"

Abambo anabwerera pampando wawo n'kumayang'ana chikhatho chawo ngati cha munthu wina. Mzime anakumbukira zimene mphunzitsi wake wa kompyuta ankakonda kunena, kuti munthu asathamangire matenda aakulu asanaone ngati waya walowa bwino. Anagwada pansi pa tebulo, nazula mawaya onse n'kuwabwezera limodzilimodzi. Anachotsa kamera ndi mausi, n'kuyesa popanda zimenezo. Kulira kunali komwe kuja.

Anabwereka foni ya mlamu n'kufufuza za kulirako. Anawerenga mwakachetechete, milomo ikuyenda.

"Akuti ikamalira chonchi sinafe, ikudandaula. Kawirikawiri kamakhala kathabwa kena m'katimo kamene kasuntha pamalo pake. Tiyenera kuitsegula."

"Kuitsegula?" Amayi anagwira pachifuwa. Koma anagwada okha n'kumasula mabatani a jekete mmodzimmodzi, ngati akuvula mwana wopita kukasamba.

Mzime anazula waya wa kukhoma. Mlamu ananyamula bokosilo kupita nalo pakhonde pomwe panali kuwala, ndipo abambo anabwera ndi sikuludiraiva yawo yaing'ono. Chitsulo cha m'mbali chitachoka, onse anasuzumira.

"Mayo ine!" anatero amayi.

M'katimo munali fumbi lochindikala ngati thonje, koma silinali fumbi wamba. Linali lamitundumitundu, la nyenyeswa za nsalu ndi ulusi za zaka zonse zimene kompyutayo inakhala moyandikana ndi makina osokera. Amayi anatola kachidutswa kofiira n'kukayang'anitsitsa.

"Ili ndi diresi la akazi a aphunzitsi, lija anakana kuti lawathina. Mwaona? Ndinkanena ine kuti fumbi la m'chipinda muno lidzaipha. N'chifukwa chake ndinaisokera jekete."

"Fumbi limeneli ndi limene limaizimitsa," anatero Mzime. "Taonani, fani yoiziziritsa yatsamwa."

Apa abambo anapeza pobwerera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pampu ya njinga.

"Iyi ndiye sindimenya nayo," anatero.

Mzime anauza mlamu kuti agwire fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Abambo anapopa kamodzi, mwamphamvu za munthu wofuna kukhululukidwa. Fumbi lonse linabuka n'kuthera pankhope pa mlamu. Anayetsemula mpaka galu wa oyandikana nawo anauwa, ndipo atadzutsa mutu ndevu zake zinali ndi madontho ofiira, achikasu ndi obiriwira.

"Mwakongola, alamu," anatero Mzime. "Mukafike choncho kwa achemwali."

"Akandifunsa kuti ndinali kwa ndani, mukandiikire umboni."

Amayi anabwera ndi kaburashi kawo kotsukira makina osokera, ndipo Mzime anasesa nako pang'onopang'ono m'makona momwe pampu sinafike. Fumbi litachoka, kathabwa kaja kanaoneka. Kanali kobiriwira, kotalika ngati chipeso, koimikidwa mumpata wake. Mbali imodzi inali itatukuka, ndipo kapulasitiki koyera kokagwirira kanali katatseguka.

Mzime anayamba wagwira chitsulo cha bokosi, monga anaphunzitsidwira, kuti magetsi a m'thupi asapweteke kanthu. Anakazula kathabwako, nakapukuta mano ake ndi kansalu kouma, n'kukabwezera. Anakanikiza mbali zonse ziwiri mofanana mpaka kanamveka kuti khe.

Abambo anatsokomola. "Ndiye kuti mbama ija..."

"Eya, mbama ija," anatero amayi.

Atabwerera nayo m'nyumba n'kulumikiza zonse, Mzime anakaniza batani. Kunamveka kulira kumodzi kokha, kwakufupi, ndipo zilembo zoyera zinatulukira pa sikirini. Kompyuta inadandaula kuti sinazimitsidwe bwino, iye n'kuiuza kuti ingoyamba monga mwa masiku onse. Chithunzi cha ukwati wa mkulu wake chitaonekera, mlamu anaimirira n'kudziwombera m'manja.

Mzime anayambiranso kuyeserera. Amayi anatenga jekete kukalikutumula panja, nalipukuta ndi nsalu yonyowa, n'kulisita bwinobwino, lesi ndi yomwe. Zinawatengera nthawi, pakuti anaikanso mphika pamoto. Nthawi yonseyo kompyuta inkayenda bwino, ikung'ung'udza pansipansi. Atamaliza anabwera n'kuiveka, Mzime akutayipabe, n'kumanga mabatani onse.

"Tsopano fumbi lione polowera," anatero.

Mlamu anali akutsanzika, chipewa chili m'manja, pamene sikirini inadanso.

Abambo anaika manja onse awiri m'matumba. Mzime anakhala kanthawi akuyang'ana nkhope yake pagalasi lakudalo. Fumbi anachotsa, kathabwa anabwezera, mawaya anaona. Chatsala n'chiyani? Anawerama kuti azule waya, ndipo dzanja lake linalowa m'kati mwa jekete. Analibweza msanga. Chitsulo chinali chotentha ngati simbi.

Anakhala chigwadire. Anakumbukira timabowo ta m'mbali ndi kumbuyo kwa bokosi tomwe anangotsuka kumene ndi kaburashi. Tonse tinali pansi pa bulangete. Anakumbukiranso kuti kuzima kuja kunayamba mwezi wathawo, ndipo iye ankaganiza kuti n'chifukwa chakuti anayamba kutayipa nthawi yaitali. Mwezi womwewo ndi umene amayi anasoka jekete, madzulo aliwonse akamaliza za makasitomala, maso atatopa kale. Tsiku limene anaiveka koyamba anati, "Ine zilembo zakozo sindiziona, mwanangu, koma fumbi ndimaliona. Mbali yanga ikhale imeneyi."

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa amayi.

"Palibe, amayi. Mwina tiisiye ipume kaye."

Amayi anamuyang'ana. Anamubereka okha, ndipo ankadziwa kuti Mzime akamanama amayang'ana zala zake. Anagwada pambali pake, mawondo akulira, n'kulowetsa dzanja m'jekete. Anagwira chitsulocho ndi kuseri kwa dzanja, monga mmene amagwirira mwana pachipumi.

"Yatentha thupi," anatero motsitsa. Anasisita nsaluyo m'mbali, pamene panali timabowo. "Imapumira apa?"

"Eya, amayi. Ndi kumbuyoku."

"Ndiye ine ndinaitseka mphuno ndi pakamwa pomwe." Anayamba kumasula mabatani. "Mwana akatentha thupi sumufunditsa bulangete. Zimenezi ndiye ndimazidziwa."

Mpweya wofunda unatuluka ngati munthu wausa moyo. Abambo anatulutsa dzanja limodzi m'thumba.

"Ndiye kuti jekete lija..."

"Inu khalani chete, omenya inu."

Mlamu anaseka mpaka anagwira chitseko. Amayi nawo anamwetulira, koma anapinda jeketelo mwakachetechete, kanayi, n'kulowa nalo kukhitchini. Mzime anawatsatira. Anawapeza ataima pafupi ndi mphika, jekete lili kukhwapa, akutakasa zomwe zinali zitapsa kale.

"Amayi, za fumbi zija munalondola. Mwaona nokha zomwe tachotsa."

"Ndikanakuphera ntchito ndi singano yanga."

"Simunaphe. Ikamagwira ntchito izikhala chovula, koma ikazima n'kuzizira iyenera kuvala. Kupanda apo madiresi onse a m'dera lino abwereramo."

"Ukunena zoona, kapena ukungondinyengerera?"

Mzime anawayang'ana m'maso, osayang'ana zala. "Zoona, amayi."

"Ndiye si jekete limenelo, apongozi," anafuula mlamu ali pakhomo. "Ndi malaya ogonera!"

Kompyuta itazizira anaiyatsanso, ili chovula, ataikokera kutali pang'ono ndi khoma. Mzime anatayipa mpaka nthawi ya chakudya, natayipanso atadya. Abambo ankadutsa pafupi manja ali kumbuyo, n'kumaika khutu. Sinazime.

M'mawa mwake amayi sanakhudze makina osokera. Anatenga siketi yofunika kupinda m'munsi n'kukakhala nayo pakhonde, akusoka ndi manja. Abambo anati kumalo awo a ntchito apita mochedwa chifukwa tcheni cha njinga yawo chikufuna mafuta, ngakhale anachithira dzulo lake. Mayi wina atabwera kudzatenga diresi, anamulandirira kuchipata monong'ona.

M'chipindamo Mzime anakhala tsonga, kamera ikumuyang'ana. Mayeso atayamba, zala zinapeza njira yake. Pansi pa tebulo fani inkang'ung'udza mofanana, ndipo kamphepo kofunda kankamukhudza pamwendo. Itafika nthawi imene kompyutayo inkakonda kuzima, zilembo zinapitiriza kutuluka. Analemba mpaka mzere womaliza n'kutumiza. Patapita kanthawi sikirini inamuuza kuti wafika pa liwiro lomwe ankafuna, ndipo amuimbira foni kuti akaonane nawo.

Anatuluka pakhonde. Amayi ataona nkhope yake anabaya singano pa siketi n'kuiika pambali.

"Yapirira?"

"Yapirira, amayi. Akuti andiitana."

Abambo anapukuta manja pa buluku, natsokomola kawiri, n'kukankha njinga yawo kutuluka pachipata akuimba mluzu.

Mzime anazimitsa kompyuta mwa dongosolo lake n'kupita kukatereka madzi a tiyi. Amayi analowa m'chipindamo jekete lili pamkono. Anagwira bokosi ndi kuseri kwa dzanja, napukusa mutu, n'kukhala pampando kudikira. Atagwiranso kachiwiri anapeza lazizira. Analiveka, namanga mabatani onse, nakonza lesi kuti igone bwino. Kenako anakhala pa makina awo, naika phazi pachopondera, n'kuyamba kusoka.