Kanjerewere ka pakhosi pa Felesita

Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, mu Okutobala wa 1974, dzuwa litayamba kale kuwotcha. Ndinachoka kusukulu kudzatenga choko chimene ndinaiwala kunyumba, ndipo kuseri ndinapeza mwana wanga Felesita atakhala pamphasa, khosi atapendeketsa. Mlongo wanga Bibiana anali atagwada pambali pake, lezala ali m'manja.

"Mukutani?" ndinafunsa.

"Ukwati ndi Loweruka, achimwene," anatero Bibiana. "Kanjerewere aka tinakamanga ndi ubweya wa kumchira kwa ng'ombe, lero ndi tsiku lachitatu, sikakugwa. Mukufuna mwana akajambulitse ali ndi nkhupakupa pakhosi?"

Felesita anaseka. Kanali kanjerewere kolendewera, kochepa ngati njere ya mapira.

Ine ndinayang'ana lezala lija. Malemu mkazi wanga Tabitha anali ndi kadontho kakuda paphewa. Mnzawo wina anakadula ndi lezala kuti kasamaonekere pa diresi. Bala silinapole. Linakula, m'khwapa munatupa, ndipo chaka chisanathe tinawaika m'manda. Felesita anali ndi zaka zisanu. Ndinkangomuuza kuti amayi ake anadwala nthawi yaitali.

"Mlongo, ikani lezala pansi."

"Aphunzitsi athunthu kuopa timagazi!"

"A Tabitha zinayamba chonchi."

Ndinafotokoza mwachidule, maso ali pamphasa. Felesita anagwira pakhosi pake, kenaka n'kuchotsa dzanja msanga.

"Ababa, bwanji simunandiuzepo? Ndiye tamanga kale!"

Ndinatulutsa njinga, ndinamukweza, ulendo wa kuchipatala ku Mua. Njira yonse ndinkangomva zala zake zitagwira malaya anga kumsana.

Nditafotokoza za a Tabitha, a dokotala anatembenuzira khosi la Felesita kuzenera n'kuyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuwerenga njerwa za pakhoma.

"Aka si kamtundu umenewo, aphunzitsi. Kafota kale. Kasiyeni kagwe kokha, koma lezala ayi."

Kanagwa Lachinayi, Felesita akusamba. Anabwera kudzandionetsa pamene kanali. Panali pofiirira pang'ono chabe. Ndinavala magalasi n'kuyang'ana kawiri.

"Pakada kapena pakatupa, undiuze tsiku lomwelo. Ngakhale uli kwa amuna ako ku Golomoti."

"Ndamva, ababa."

"Tsiku lomwelo, Felesita."

Anagwedeza mutu, natola lichero, n'kubwerera kukapeta mpunga wa paukwati.